Mmene Wailesi ya Kanema Idafikira pa Biriwiri

Munthu akaima pa Biriwiri, m'mbali mwa msewu waukulu wa M1 wochoka ku Ntcheu kulowera ku Dedza, amakhala ataima pakati pa maiko awiri. Kum'mawa ndi Malawi, kumadzulo ndi chigawo cha Tete cha dziko la Mozambique, ndipo m'malo ambiri a dera limeneli msewuwo ndiwo malire. Anthu a mbali zonse ziwiri amayankhula chiyankhulo chimodzi, amakwatirana, amaikana maliro, ndiponso amagulitsa mbatatesi ndi kabichi pa misika imodzimodzi monga wa pa Lizulu. Chimene adzukulu ambiri sadziwa n'chakuti idalipo nthawi imene maiko awiriwa adali ndi nyumba zoulutsira zithunzi za dzina lofanana, TVM: Television Malawi ku Blantyre, ndi Televisão de Moçambique ku Maputo. Zonse ziwiri zidayamba mofooka ngati mwana wobadwa masiku asanakwane, ndipo zonse ziwiri zidatenga nthawi kuti zifike ku mapiri a m'malire muno.

Dzina lenilenilo lakuti "wailesi ya kanema" likusunga mbiri. Mawu akuti wailesi ndi akuti kanema ngobwereka ku Chingerezi, ndipo onse awiri adakhazikika m'Chichewa kalekale, bokosi loonetsa zithunzi lisanafike. Anthu adayamba adziwa wailesi, yomva ndi makutu, ndi kanema woonetsedwa pa chinsalu usiku pabwalo. Pamene chinthu chachitatu chidatulukira, adangomanga pamodzi maina a ziwiri zimene adazizolowera kale. Mlendo uja adapatsidwa dzina la eni mudzi.

Chiyambi cha luso limeneli chili kutali, komabe chili ndi kachibale pang'ono ndi dziko lino. John Logie Baird adabadwira ku Helensburgh ku Scotland m'chaka cha 1888, ndipo bambo wake adali mbusa wa Church of Scotland, mpingo womwewo umene udakhazikitsa mishoni ya Blantyre mu 1876. Baird adali munthu wodwaladwala amene malonda angapo adamukanika. Makina ake oyamba adawapanga ndi zinthu zotolatola, ndipo mtima wa makinawo udali chimbale chozungulira chobooledwa timabowo totsatana mokhota, nzeru imene Paul Nipkow wa ku Germany adaiganiza mu 1884. Chimbalecho chikamazungulira mothamanga, kabowo kalikonse kankadutsa pa chithunzi n'kutengako kamzere kamodzi ka kuwala. Kuwalako kunkasandutsidwa mphamvu ya magetsi, n'kutumizidwa, ndipo chimbale china cha mbali yolandira chinkalumikizanso timizere tija. Diso la munthu limachedwa kuiwala chimene laona, choncho timizere tikamabwera mofulumira limationa ngati chithunzi chimodzi. Chinsinsi chonse cha wailesi ya kanema chagona pa ulesi wa diso umenewu.

Mu Okutobala 1925, m'kachipinda ka pa Frith Street mu mzinda wa London, Baird adakwanitsa kutumiza nkhope ya chidole chimene ankachitcha Stooky Bill. Adayamba ndi chidole chifukwa nyali zimene zinkafunika zidali zotentha kwambiri moti munthu sakadapirira nthawi yaitali. Atasangalala, adatsikira ku ofesi ya pansi n'kukatenga mnyamata wogwira ntchito kumeneko, William Taynton, amene adachita kupatsidwa kandalama kuti alimbe mtima kukhala pa moto wa nyalizo. Pa 26 Januwale 1926 Baird adaonetsa makina ake kwa akatswiri a sayansi a bungwe la Royal Institution. Chithunzicho chidali cha mizere 30 yokha, chaching'ono kuposa chikhatho, chonjenjemera. Pamene BBC idamulola kuyesa kuulutsa mu 1929, padalibe njira yotumizira mawu ndi chithunzi nthawi imodzi: oonera ankaona nkhope yoyankhula popanda mawu kwa mphindi ziwiri, kenaka n'kumva mawu popanda nkhope kwa mphindi zina ziwiri, mpaka vutoli lidakonzedwa mu Malichi 1930. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Komatu woyamba kulambula munda si nthawi zonse amene amakolola. Ku America mnyamata wina wokulira pa munda, Philo Farnsworth, adaonetsa mu 1927 kuti chithunzi chingathe kutumizidwa ndi magetsi okhaokha popanda chimbale chozungulira. Pa 2 Novembala 1936 BBC idatsegula nyumba yake youlutsira zithunzi pa Alexandra Palace, ikuyesa njira ziwiri mosinthanitsa: ya Baird ya mizere 240 ndi ya kampani ya Marconi-EMI ya mizere 405. Pofika Febuluwale 1937 njira ya Baird idatayidwa. Pa 1 Seputembala 1939 nkhondo idazimitsa zonse, ndipo zithunzi zidabwereranso mu Juni 1946, mwezi womwewo umene Baird adamwalira. Ku Berlin, kumene boma la Hitler lidayamba kuulutsa zithunzi mu 1935, anthu wamba adalibe mabokosi m'nyumba zawo ayi, ankasonkhana m'zipinda zoonera za anthu onse. Mfundo imeneyi ndi yoyenera kuisunga, pakuti ibweranso pa nkhani ya kuno kumudzi.

Nthawi yonseyi Nyasaland adali akuphunzira kumva. Mu 1941 ku Lusaka kudatsegulidwa nyumba youlutsira mawu imene pambuyo pake idatchedwa Central African Broadcasting Station, ndipo chimodzi mwa ziyankhulo zake chidali Chinyanja. Mkulu wake, Harry Franklin, adanyengerera kampani ya Ever Ready kuti ipange wailesi yotsika mtengo, ndipo mu 1949 idatuluka Saucepan Special, wailesi yooneka ngati sefuliya, ya mtengo wa mapaundi asanu, batire lake logulidwa padera. Kudzera m'sefuliya imeneyi midzi idamva mawu a Alick Nkhata ndi anzake. Zithunzi zoyenda nazo zinkabwera, koma pa galimoto: bungwe la Central African Film Unit, lokhazikitsidwa mu 1948, linkapanga makanema ophunzitsa ulimi ndi ukhondo. Dziko litalandira ufulu, magalimoto a boma adapitiriza mwambowu, kuonetsa za kalimidwe kamakono ndi maulendo a mtsogoleri wa dziko. Galimoto ikafika pa sukulu kapena pabwalo la mfumu, chinsalu chinkamangidwa, injini n'kulira, ndipo mudzi wonse unkakhala pansi, abambo mbali yawo, amayi mbali yawo, ana patsogolo.

Wailesi ya kanema idalowa mu Africa wa kumwera kwa chipululu cha Sahara kudzera ku Ibadan, ku Nigeria, pa 31 Okutobala 1959. Posakhalitsa idafika pakhomo penipeni. Mu nthawi ya Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, chimene Inkosi Gomani II adalimbana nacho mpaka kuchotsedwa pa mpando mu 1953, zithunzi zidayamba kuulutsidwa ku Salisbury mu Novembala 1960, ndipo mu 1961 zidafika ku Bulawayo ndi ku Kitwe. Malo onsewa adali a Azungu ambiri, a migodi, a magetsi ndi a amalonda ofuna kutsatsa katundu. Nyasaland, amene ntchito yake yaikulu m'Chitaganyacho idali kutumiza anyamata kukagwira ntchito, adadumphidwa. Motero Amalawi oyamba kuona bokosi limeneli adali a paulendo: ophika ndi osamala m'nyumba za Azungu ku Salisbury, amene ankalipukuta fumbi m'mawa uliwonse, ndi ena amene ankaima pa mazenera a masitolo madzulo. Pobwera kumudzi ankafotokoza za bokosi lokhala ndi anthu m'kati, ndipo omvera ankangogwedeza mitu, podziwa kuti kandimverere adakanena za m'maluwa.

Pa 6 Julayi 1964 dziko lidalandira ufulu, ndipo chaka chomwecho kudakhazikitsidwa Malawi Broadcasting Corporation. Kuchokera pamenepo mpaka 1994, kwa zaka 30, Malawi adali ndi wailesi imodzi ya mawu, wopanda nyumba youlutsira zithunzi. Dr. Hastings Kamuzu Banda sadali mlendo pa chinthuchi. Adafika ku Britain mu 1937, ndipo adali dokotala mu mzinda wa London zaka zimene wailesi ya kanema inkafalikira m'nyumba za kumeneko nkhondo itatha. Adaidziwa bwino, ndipo sadailole.

Pa chifukwa chake anthu amagawanika. Ena amati nzeru idalipo: dziko losauka, lopanda magetsi m'midzi, lofuna sukulu, zipatala ndi misewu, likadataya chuma pa chinthu chosangalatsa mabanja ochepa a m'tauni. Oganiza motere ali ndi mboni, pakuti Kamuzu sadali yekha. Julius Nyerere nayenso adaiona ngati chinthu cha anthu olemera, kotero kuti kumtunda kwa Tanzania kudalibe wailesi ya kanema mpaka 1994, ngakhale chilumba cha Zanzibar chidali nayo kuyambira m'zaka za m'ma 1970. Boma la tsankho la South Africa lidaikana mpaka Januwale 1976, moti anthu a dziko lolemera chotero sadaone nawo munthu akuponda pa mwezi mu 1969. Botswana adatsegula yake mu 2000, pambuyo pa Malawi.

Koma nkhani ya umphawi payokha siikwanira. Boma lomwelo lidakhazikitsa lamulo la 1968 lopatsa mphamvu bungwe la Censorship Board kuunika mabuku, nyimbo, magazini ndi makanema, ndipo mu 1973 lidakhazikitsanso lamulo la kavalidwe loletsa amayi kuvala mathalauza ndi masiketi aafupi. Makanema a m'nyumba zoonetsera ankadulidwa, ndipo makaseti a vidiyo atayamba kulowa m'dziko ankayenera kuunikidwa asanaonetsedwe. Boma lofuna kudziwa chilichonse cholowa m'maso mwa anthu ake silikadakonda zenera loti aliyense asuzumirepo kunja. Chilungamo chake n'chakuti zifukwa zonse ziwiri zidayendera limodzi, koma chachiwirichi ndicho chidali cholemera. Wailesi ya mawu idali yosavuta kuweta. Mawu amatha kunena kuti msonkhano udadzaza, ndipo womvera alibe poonera mipando yopanda anthu.

Amene adapitiriza kubweretsa mbiri ya bokosili adali a ku migodi. Ndege ya Wenela itagwa ku Francistown mu Epulo 1974 n'kupha Amalawi oposa 70, Kamuzu adaletsa ulendo wa ku Joni. Njira idatsegulidwanso mu 1977, ndipo anyamata a Theba amene adapita kuyambira chaka chimenecho mpaka 1988 adakapeza South Africa ali ndi wailesi ya kanema. Pobwera ankanyamula njinga, zofunda, mawailesi akuluakulu a makaseti. Bokosi la zithunzi likadakhala katundu wolemetsa chabe, popeza kuno kudalibe choti ligwire.

Tsidya lina la msewu wa pa Biriwiri zinthu zidayenda mwa mtundu wina. Mozambique adalandira ufulu mu 1975, ndipo mu 1979 zithunzi zoyesera zidaulutsidwa pa chionetsero cha zamalonda cha FACIM ku Maputo. Pa 3 Febuluwale 1981, tsiku limene dzikolo limakumbukira ngwazi zake, idayamba nyumba imene dzina lake lidali loona mtima, Televisão Experimental de Moçambique, ndiye kuti wailesi ya kanema yoyesera. Poyamba inkaulutsa Lamulungu lokha, ndipo inkaoneka ku Maputo ndi madera ozungulira basi. Anthu a ku Angónia ndi Tsangano, mtunda wautali kuchokera ku likulu lawo, sadaione. Chimene chidawafika m'malo mwake ndi nkhondo ya pakati pa Frelimo ndi Renamo. Kuyambira chapakati pa zaka za m'ma 1980 adawoloka msewu mwaunyinji kudzakhala pakati pa abale awo m'maboma a Ntcheu ndi Dedza, ndipo pachimake Malawi adasunga othawa nkhondo pafupifupi miliyoni imodzi. Apa pali chinthu chofunika kuchilingalira. Zithunzi za othawa nkhondo a m'malire a dziko lino zinkajambulidwa ndi alendo n'kuonetsedwa m'nyumba za ku Ulaya, pamene ojambulidwawo ndi amene adawapatsa malo sadadzionepo. Pangano la mtendere lidasainidwa ku Rome pa 4 Okutobala 1992, ndipo cha m'zaka zomwezo, mawu akuti "yoyesera" atachotsedwa pa dzina, TVM ya Mozambique idayamba kufalikira ku zigawo zina.

Ku Malawi chitseko chidatsegulidwa ndi ndale. Pa 14 Juni 1993 anthu adasankha ulamuliro wa zipani zambiri, ndipo pa 17 Meyi 1994 Bakili Muluzi adapambana chisankho. Mabanja opeza bwino a m'mizinda adayamba kukweza mbale za setilaiti pa madenga n'kumaonera za kunja. Mu 1998 Nyumba ya Malamulo idakhazikitsa lamulo latsopano la zofalitsa mauthenga limene lidabala bungwe la MACRA, ndipo pa 1 Epulo 1999 Television Malawi idatsegulidwa ku Blantyre. Kuchokera tsiku lija Baird adaonetsa chithunzi chake chonjenjemera padali patapita zaka 73. Chisankho chachiwiri cha zipani zambiri chidachitika pa 15 Juni chaka chomwecho, patangopita miyezi iwiri ndi theka, ndipo si onse amene adakhulupirira kuti kuyandikana kwa masiku awiriwa kudangochitika. Madandaulo akuti nyumbayi imakondera chipani cholamula adayamba msanga, ndipo adapitirira pa maboma otsatira, chipani chilichonse chikuiwala chikalowa m'boma zimene chinkadandaula chili kunja.

Zaka zoyambazo zidali zoyesera ndithu, ngakhale dzina silidanene. Kuulutsa kunkachitika maola ochepa pa tsiku, ndipo nthawi yambiri inkadzazidwa ndi mapologalamu ochokera kunja. Ogwira ntchito ambiri adali kuphunzira luso ali pantchito pomwepo, monga adachitiranso anzawo a ku London ndi ku Maputo pa nthawi yawo. Komabe kwa nthawi yoyamba Amalawi adaona nkhope za anthu amene adawadziwa ndi mawu okha: aphungu, ansembe, oimba, osewera mpira. Ena amene mawu awo adali aakulu adapezeka kuti ngaafupi msinkhu. Oimba adayamba kujambulitsa nyimbo zawo, makwaya a m'mipingo adasoketsa mayunifolomu atsopano, ndipo magule amene kale ankaoneka ndi okhawo opezeka pabwalo adayamba kuoneka kutali ndi kwawo.

Kuti zithunzizo zifike ku midzi ya m'mapiri a Kirk Range idali nkhani ina. Mafunde a wailesi ya kanema sakhota monga amachitira a wailesi ya mawu ya masiku akale: amayenda molunjika kuchokera pa nsanja, ndipo phiri likaima pakati amathera pomwepo. Nyumba ya pamtunda inkagwira, ya m'chigwa ayi. Magetsi nawo adali osowa, pakuti cha m'ma 2000 mabanja pafupifupi asanu okha pa 100 alionse m'dziko lonse ndiwo adali nawo, ndipo ambiri mwa amenewo adali a m'tauni. Mphunzitsi kapena wamalonda amene adagula kabokosi kosaonetsa mitundu ankakalumikiza ku batire la galimoto, limene linkanyamulidwa pa njinga kukatchajitsa kumene kuli magetsi. Eriyo inkamangidwa pa nsungwi yaitali, ndipo madzulo mwana mmodzi ankatumidwa panja kukapotoza nsungwiyo pamene a m'nyumba akufuula kuti abwerere pang'ono, apitirire, aime pomwepo. Batire likamatha, chithunzi chinkafota pang'onopang'ono kuchokera m'mbali mpaka kuzimiririka, kawirikawiri nkhani ili pakati. Pa malo a malonda padabuka nyumba za vidiyo zoyendera majenereta, kumene anthu ankalipira kandalama kuti aonere pamodzi, monga muja ankachitira a ku Berlin mu 1935.

Walira mvula walira matope. Bokosili lidalowa m'nyumba zimene zidali ndi malamulo ake a kakhalidwe. Mwa mwambo wa m'dera lino mkamwini ndi apongozi ake aakazi amapatsana ulemu wa patali: sakhala mphasa imodzi, sayang'anana m'maso, ndipo akakumana pa njira wina amapatuka. Bambo ndi mwana wake wamkazi wotha msinkhu alinso ndi malire awo. Nkhani za m'banja zili ndi malo ake ndi aphunzitsi ake, anamkungwi ndi ankhoswe. Kanema wa pabwalo uja sadasokoneze zimenezi, chifukwa bwalo ndi lalikulu ndipo aliyense ankadziwa mbali yake. Koma chipinda chochezera n'chaching'ono, bokosi ndi limodzi, ndipo silichenjeza lisanaonetse mwamuna ndi mkazi akupsompsonana. Mabanja adapeza njira zawozawo. Wamkulu ankatsokomola n'kutuma ana kukatunga madzi amene sadali kufunika, kapena mayi ankakumbukira mwadzidzidzi kuti pamoto pali mphika. Nkhawa imeneyi idafika mpaka ku Nyumba ya Malamulo mu 2003, pamene aphungu adalamula TVM kuti isiye kuonetsa pologalamu ya Big Brother Africa ponena kuti ikuononga chikhalidwe. Khoti lalikulu lidachotsa chiletsocho posakhalitsa, ndipo pologalamuyo idabwerera.

Chimene sichidakambidwe m'Nyumba ya Malamulo ndi nthawi ya madzulo. Makolo adaika nthano usiku, ntchito zitatha, ndipo ana ankaopsezedwa kuti asakambe nthano masana, pofuna kuti dzuwa likhale la khasu ndi mtondo. Gogo akati "Padangotelo," ana ankayankha "Tili tonse," ndipo yankho limeneli linkabwerezedwa mpaka nthano kutha, kotero kuti wogona ankadziwika msanga. Nthano inkafuna womvera woyankha, woimba nawo nyimbo yake, wodzaikambanso mawa. Wailesi ya kanema idafika pa ola lomwelo la nthano ndi zilape, ndipo siifuna yankho kwa munthu. Kunena kuti ndiyo yokha idapha nthano kungakhale kuinamizira, chifukwa sukulu, wailesi ya mawu ndi maulendo a ku ntchito zidali zitayamba kale kuchepetsa anthu pamoto. Koma m'nyumba imene bokosi lidalowa, gogo adasunthidwa pa mpando wa wokamba n'kukhala mmodzi wa oonera, ndipo kawirikawiri ndi mdzukulu amene ankamumasulira Chingerezi cha m'bokosimo. Zaka zambirimbiri nzeru inkatsika kuchoka kwa wamkulu kupita kwa mwana. Madzulo amenewo idayamba kuyendanso chokwera.

Dzina la TVM ya Malawi silidakhalitse. Mu ulamuliro wa Bingu wa Mutharika nyumbayi idaphatikizidwa ndi MBC, ndipo chisokonezo cha maina ofanana a mbali ziwiri za msewu chidathera pomwepo. Nyumba zina zidatsegulidwa, monga Luntha ya Akatolika ku Balaka, boma loyandikana ndi Ntcheu, ndipo pambuyo pake Times ndi Zodiak. Maiko atagwirizana zosiya kaulutsidwe kakale pofika pa 17 Juni 2015, Malawi nayenso adayamba kusamukira ku kaulutsidwe ka dijito, ndipo kabokosi kothandiza kugwira zithunzi zatsopanozo kadapatsidwa dzina lakuti Kiliye Kiliye. Nsungwi zambiri zidatsitsidwa, pa madenga padakwera timbale ndi magalasi a sola, ndipo achinyamata a pa Biriwiri tsopano amaonera mpira ndi nyimbo pa foni za m'manja, aliyense payekha, nthawi zina foniyo ikugwira netiweki ya dziko la tsidya lina la msewu. Mabokosi oyamba aja, a msana wotukuka, akadalipo m'nyumba zina za aphunzitsi opuma ntchito. Amakhala pakona, ofundidwa kansalu koluka, pamwamba pake patakhazikidwa Baibulo ndi zithunzi za adzukulu.